Gule wa Imfa: Mmene Akufa Ankaweruzira Amoyo M'mabuku Akale a ku Ulaya

 Novembala ndi mwezi umene timalambula manda ndi kukumbukira abale athu amene adatsogola, choncho taganiza kuti ulendo uno tisuzumire m'mbiri. Ambiri mwa inu amene mwawerengako mabuku akale a ku Ulaya, kaya ku sekondale kaya ku koleji, mwakumanamo ndi zigaza, mafupa, mabokosi a maliro ndi adzukulu ali m'dzenje. N'kosavuta kuganiza kuti alembi amenewa ankangofuna kuopseza owerenga. Koma tikatsata kumene zizindikirozi zidachokera, tipeza kuti nthawi zambiri imfa ya m'mabukuwa idali bwalo la milandu. Pa bwalo limeneli mlembi ankaitanirapo Papa, mfumu, woweruza ndi wakatapila kuti ayankhe mafunso amene munthu wamba sakadayerekeza kuwafunsa maso ndi maso. Tsono funso limene tiyende nalo ndi ili: kodi bwalo limeneli linkaweruza mosakondera monga linkadzitamira?

Tiyambire mu Okutobala 1347, pamene zombo zochokera chakum'mawa zidakocheza pa doko la Messina, pa chilumba cha Sicily, amalinyero ake ali ndi zotupa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Umenewo udali mliri umene pambuyo pake udatchedwa Imfa Yakuda. Pofika 1351 udali utasesa pafupifupi Ulaya yense. Akatswiri a mbiri yakale amati mwa anthu atatu alionse mmodzi adafa, ena amati akufawo adafika theka. Lero tikudziwa kuti mliriwo udadza ndi kachilombo kofalitsidwa ndi utitiri wa pa makoswe, kamene Alexandre Yersin adakatulukira ku Hong Kong mu 1894. Anthu a nthawi imeneyo sankadziwa zimenezi, ndipo anthu akasowa chifukwa cha maliro amafuna wina womuloza chala. Mphekesera idawanda yoti Ayuda akuthira chiphe m'zitsime. Ku Strasbourg, pa 14 Febuluwale 1349, Ayuda mazanamazana adatenthedwa, mliriwo usanalowe n'komwe mumzindamo. Papa Clement VI, amene ankakhala ku Avignon, adalemba makalata mu 1348 oletsa nkhanzazi, nakumbutsa Akhristu kuti Ayudawo akufa ndi mliri womwewo, koma ambiri sadamumvere. Ife amene tikudziwa mmene agogo amatchulidwira ufiti pakagwa maliro adzidzidzi m'mudzi sitingadabwe nazo kwenikweni.

Giovanni Boccaccio wa ku Florence adalemba buku lake la Decameron mliri utangodutsa, ndipo adaliyamba ndi kufotokoza zimene zidaoneka mumzindawo mu 1348. Akuti mwambo wa maliro udatha. Kulirana kudatha, anansi adaleka kuyenderana, makolo ena adathawa ana awo. Amphawi ankangofera m'nyumba, fungo ndilo linkalengeza maliro, ndipo mitembo yawo inkasanjikizidwa m'maenje aakulu, kadothi pang'ono pamwamba. Nthano yake ikuyambira pamenepo: atsikana asanu ndi awiri ndi anyamata atatu, onse a m'mabanja opeza bwino, akumana m'tchalitchi cha Santa Maria Novella, nagwirizana zothawira ku nyumba zokongola za kunja kwa mzinda pamodzi ndi antchito awo, kumene akukasimbirana nthano 100. Boccaccio sakuwadzudzula achinyamatawa, amawakonda ndithu. Komabe wowerenga watcheru aona kuti kuyambira masamba oyamba, imfa imene amati sisankha idali ikusankha. Wokhala ndi kothawira adathawa.

Tisaganize kuti mliriwu ndiwo udabala zizindikiro zonsezi. Usanafike, ku France kudali kale ndakatulo za Amoyo Atatu ndi Akufa Atatu, zonena za anyamata olemera amene ali ku uzimba akumana ndi mitembo itatu yowakumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dante, amene adamwalira mu 1321, adali ataika kale Papa Nicholas III chadodolido m'dzenje la ku gehena chifukwa chogulitsa maudindo a Mpingo. Ndipo pa khoma la manda a Camposanto ku Pisa pali chithunzi chachikulu cha Kupambana kwa Imfa, chimene akatswiri ambiri amati chidajambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1330. M'chithunzimo imfa ndi nkhalamba yaikazi ya mapiko ngati a mleme, yanyamula chikwakwa. Opemphetsa, akhungu ndi olumala akuikodola kuti iwatenge akapume, koma iyo yawafulatira, ikuuluka kulunjika kwa achinyamata ovala bwino amene akumvera nyimbo m'munda wa zipatso. Mliri udangosonkhezera moto umene udali utayaka kale.

Chithunzi chimene chidadzatchuka koposa chidajambulidwa ku Paris, pa manda a Les Innocents, otchulidwa pokumbukira Ana Osalakwa aja adaphedwa ndi Herode. Munthu wina wa mumzindamo, amene ankalemba zochitika za m'masiku ake, adalemba kuti ntchitoyo idayamba mu Ogasiti 1424 nitha m'nyengo ya Lenti ya chaka chotsatira. Nthawiyo mzinda wa Paris udali m'manja mwa Angerezi, nkhondo ili mkati, njala ndi matenda zili ponseponse. Manda amenewa adali pakati penipeni pa mzinda, pafupi ndi msika waukulu wa Les Halles, ndipo sadali malo oopedwa ngati manda athu a kumudzi amene mwana saloledwa kuyandikirako. Anthu ankagulitsiramo malonda, alaliki ankalalikiramo, abwenzi ankapanganirana kukumana momwemo. Amphawi ankaikidwa m'maenje a anthu ambiri, amene ankakhala osakwiriridwa mpaka atadzaza. Mnofu ukatha, mafupa ankafukulidwa n'kuunjikidwa pamwamba pa makonde ozungulira mandawo kuti ena apeze malo. Olemera ankalipira kuti aikidwe pansi pa makondewo kapena m'tchalitchi momwe, mayina awo atalembedwa pa miyala. Tsono pa khoma la khonde limodzi, kunsi kwa milu ya zigaza, ndi pamene padajambulidwa Danse Macabre, imene ife tingaitche Gule wa Imfa.

Gule wake adali wotere. Anthu 30, amuna okhaokha, andanda pamzere, ndipo aliyense wagwidwa ndi mtembo wowola, wosekerera, umene ukumukokera kovina. Pansi pawo pali ndime za ndakatulo: wakufa akuitana, wamoyo akuyankha. Liwu la Chifalansa limene lidalembedwa pamenepo limatanthauza munthu wakufa, ngati kunena kuti aliyense akuvina ndi mtembo wake womwe wa mawa. Woyamba ndi Papa, kenako mfumu ya mafumu, kadinala, mfumu, n'kumatsika choncho, wa mumpingo kusinthana ndi wa m'dziko: episkopi, mkulu wa amonke, wamalonda, wakatapila, dokotala, loya, woimba, bambo mfumu wa parishi, mlimi waganyu, mpaka ndi khanda lomwe. Akufawo ali ndi pakamwa. Mkulu wa amonke akusekedwa chifukwa cha kunenepa kwake. Dokotala akukumbutsidwa kuti nthenda ino ilibe mankhwala. Loya akuitanidwa kukaonekera pamaso pa Woweruza amene sangamupotoze ndi mawu. Bambo mfumu akuimbidwa mlandu wodyera amoyo ndi akufa omwe. Mlimi ndiye akulankhulidwa mwachifundo, kuti wavutika mokwanira, koma iye akuyankha kuti ngakhale adailakalaka imfa kambirimbiri, tsopano akadakonda kubwerera kumunda.

Dzina loti gule lisakusokonezeni. Palibe ubale wa mbiri pakati pa chithunzi cha ku Paris ndi Gule Wamkulu wa kwathu kuno. Komabe amene mudafikako ku Mua ndi kuona zimene adasonkhanitsa a ku Kungoni mukudziwa kuti zilombo zambiri zimavina pa maliro, ndiponso zimanyodola aumbombo, zidakwa ndi akuluakulu odzikuza. Zikuoneka kuti anthu a maiko otalikirana adatulukira paokhapaokha chinthu chimodzi, chakuti wochokera kumanda ndiye angathe kunena zimene wamoyo akuopa kunena.

Gule wa ku Paris adafalikira msanga. Mmonke wa ku England, John Lydgate, adamuona cha mu 1426 namasulira ndakatulozo m'Chingerezi, ndipo zidajambulidwa pa makonde a manda a tchalitchi cha St Paul ku London. Ku Basel adajambula wawo cha mu 1440, ku Lübeck mu 1463. Mu 1485 wosindikiza mabuku wa ku Paris, Guyot Marchant, adaika zithunzi ndi ndakatulo za ku Les Innocents m'buku, ndipo chaka chotsatira adaonjezamo gule wa amayi. Mabuku ndiwo adapulumutsa guleyu, pakuti zojambula zonse tatchulazi zidaonongeka: za ku London zidagumulidwa mu 1549, za ku Paris mu 1669 pokuza msewu, za ku Basel mu 1805, ndipo za ku Lübeck, zimene zidali zitajambulidwanso mu 1701, zidapsa ndi mabomba mu 1942.

Tibwerere ku funso lathu. Amati guleyu amaphunzitsa kuti imfa imalinganiza anthu onse, ndipo n'zoona kuti mlimi wa ku Paris, amene sakadaloledwa ngakhale kuyandikira episkopi, ankatha kuima pakhomalo n'kuona episkopiyo akukokedwa ngati mwana wogwidwa akuba. Chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma taonani mzerewo. Ngakhale pa gule wa akufa, Papa ali patsogolo, mlimi ali chakumapeto, mipando ya pa dziko yasungidwa bwinobwino. Wakatapila akudzudzulidwa ndithu, koma mlandu wake waimitsidwa kufikira tsiku la imfa, ndipo mmphawi akusiyidwa ndi mawu akuti apirire, mlandu suola. Chitonthozo chotere sichidawatayitse olemera ngakhale khobidi limodzi, ndipo kawirikawiri iwo omwe ndiwo ankalipira ojambula. Munthu wowerenga ndakatulo zonena kuti onse ndi ofanana, akacheuka ankaona dzenje la amphawi lili yasa, pamene iye wapondapo pali mwala wolembedwa dzina la wolemera. Kufanana kwenikweni kudadza mochedwa. Mandawo adatsekedwa mu 1780 chifukwa cha fungo ndi kuopa matenda, ndipo pakati pa 1785 ndi 1787 mafupa adatutidwa usiku pa ngolo kupita ku mapanga a pansi pa mzinda, kumene alendo amakaona zigaza zitasanjidwa popanda wodziwa kuti ichi n'chayani.

Amene adamusintha guleyu ndi Hans Holbein wamng'ono, wojambula wa ku Germany amene ankakhala ku Basel. Zithunzi zake adazikonza chapakati pa 1523 ndi 1526, ndipo mmisiri Hans Lützelburger, amene adamwalira mu 1526, ndiye adazisema pa timatabwa toposa pang'ono kabokosi ka machesi. Zidasindikizidwa ku Lyon mu 1538, zithunzi 41, dzina la Holbein osalembedwapo. Zaka zimene ankajambulazo zidali za chipwirikiti. Martin Luther adali atapatukana kale ndi Roma, ndipo mu 1525 alimi a ku Germany adaukira eni minda. Adagonjetsedwa mwankhanza, ndipo amati ophedwa adafika pafupifupi 100,000.

Holbein adauthetsa mzere uja. Imfa tsopano ikumupeza munthu aliyense pa ntchito yake, ndipo ntchitoyo ndiyo umboni. Woweruza ali pampando, watambasulira dzanja kwa wolemera amene akupisa m'chikwama, mmphawi waima pambali palibe womuyang'ana, kumbuyoku imfa ikusolola ndodo ya udindo. Phungu wa mzinda akucheza ndi munthu wovala bwino, mmphawi akumugwira paphewa iye osacheuka, kachiwanda kakumuuzira m'khutu ndi mvukuto. Kalonga wina wafulatira mayi wopempha ali ndi mwana. Kwa mwini minda imfa yabwera itavala ngati mlimi, chopunthira tirigu chili pansi, ikufuna kumuphwanya ndi chishango cha banja lake lomwe. M'zithunzi zambiri muli kabotolo ka mchenga koyezera nthawi, kataikidwa pamalo pamene mwiniwake sakuyang'anapo. Gule wa ku Paris ankatchula udindo wa munthu, koma Holbein akuonetsa tchimo likuchitika, ndipo wolakwiridwa ali m'chithunzi momwemo, ali ndi nkhope.

A mumpingo sadawasiye. Papa akuveka chisoti mfumu imene ikupsompsona phazi lake, ziwanda zikusuzumira. Mmonke wopemphetsa akuthawa atakumbatira kabokosi ka zopereka. Sisitere wagwada paguwa koma maso ali kwa mnyamata woimba zeze amene wakhala pabedi, imfa ikuzimitsa kandulo. Wina anganene kuti Holbein ankangonyoza Akatolika monga ankachitira ambiri ku Basel masiku amenewo, koma taonani wansembe wa parishi. Iye wanyamula Ukaristiya kupita kwa wodwala, ndipo imfa ikuyenda naye itanyamula nyali ndi kabelu ngati mnyamata wotumikira pa Misa, osamukoka, osamuseka. Nkhalamba ikuitsogolera kudzenje itaigwira mkono, ikuiimbira. Mlimi wovala nsanza ikumuthandiza kuthamangitsa akavalo kuti amalize mzere wotsiriza, chakutsogolo dzuwa likuwalira kuseri kwa tchalitchi. Komabe Holbein sakutinamiza kuti imfa ndi bwenzi la amphawi. Chithunzi chopweteka koposa ndi cha kanyumba kobooka denga, mayi akuphika pamoto, imfa yagwira kamwana padzanja ikutuluka nako pakhomo, kamwanako kakucheukira amake. Pamenepa palibe mlandu, palibe wolakwa. Holbein mwiniwake adamwalira ku London mu 1543, ndipo ambiri amati udali mliri womwe uja.

Sewero la Chingerezi la Everyman, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, tingolidutsa mwachangu, pakuti ilo lidachotsamo maudindo onse n'kusiya munthu mmodzi woimira tonse. Imfa itamuitana, iye akuyesa kuipatsa chiphuphu cha mapaundi 1,000, iyo ikukana. Abwenzi, abale ndi chuma akumuthawa mmodzimmodzi, Ntchito Zabwino yekha ndiye akulowa naye m'manda. Ndi sewero lokoma, koma nkhani ya mmphawi ndi wolemera silikuikhudza kwenikweni.

Amene adaikhudza mosabisa ndi William Shakespeare mu Hamlet, sewero la cha mu 1600. Aliyense amadziwa chithunzi cha kalonga atanyamula chigaza, koma ndi ochepa amene amakumbukira zimene zikukambidwa iye asanafike kumandako. Gawo lachisanu likuyamba ndi adzukulu awiri akukumba manda a Ophelia, mtsikana amene adasokonezeka mutu bambo ake ataphedwa, namira mumtsinje. Monga adzukulu a kulikonse, akucheza mosaopa munthu. Mmodzi akudabwa kuti munthu wooneka kuti adadzipha yekha aikidwa bwanji mwachikhristu. Mnzake akumuuza kuti mkulu wofufuza za imfa wagamula kale choncho, kenako akuulula zimene aliyense akudziwa, zoti akadakhala mwana wa munthu wamba sakadaikidwa m'manda odalitsidwa. Maliro atafika, wansembe nayenso akuvomera kuti lamulo la akuluakulu ndilo lapotoza mwambo, ndipo akukana kuchita mapemphero onse, zimene zikukwiyitsa Laertes, mlongo wake wa malemuyo.

Kuti timve kulemera kwa macheza amenewa tiyenera kudziwa lamulo la ku England la nthawiyo. Munthu wogamulidwa kuti adadzipha dala ankatengedwa ngati wapalamula mlandu waukulu. Katundu wake ankalandidwa ndi mfumu, banja n'kutsala padzuwa, ndipo mtembo unkakwiriridwa pamphambano, nthawi zina atauzika chimtengo chosongoka. Mwambo wa pamphambanowu udathetsedwa ndi lamulo mu 1823, ndipo kudzipha kudaleka kukhala mlandu ku England mu 1961. Chotero chigamulo cha wofufuza za imfa chidali nkhani ya chuma ndi ulemu wa banja, ndipo mabanja amphamvu ankadziwa pogogoda. Akatswiri ambiri amati mkangano woseketsa wa adzukuluwa, woti kodi munthu ndiye adapita kumadzi kapena madzi ndiwo adabwera kwa munthu, ukunyodola mlandu weniweni wa Sir James Hales, woweruza amene adamira mumtsinje pafupi ndi Canterbury mu 1554, maloya n'kumakangana pambuyo pake za woyenera kutenga malo amene iye adasiya.

Hamlet atafika, mdzukulu akuponya zigaza kunja kwa dzenje uku akuimba. Pamenepo kalonga akuyamba gule uja wa ku Paris ndi pakamwa: ichi mwina n'cha wandale, ichi cha nduna yosyasyalika, ichi cha loya, ichi cha wogula minda amene tsopano watsala ndi malo ochepa kuposa mapepala ake a umwini. Chigaza chimodzi chokha ndicho chili ndi dzina, cha Yorick, woseketsa wa kunyumba ya mfumu amene ankabereka Hamlet kumsana ali mwana, ndipo chakhala m'nthaka zaka 23. Kuchoka apo akulingalira za Alexander ndi Caesar, kuti dothi lawo mwina likutseka mgolo wa mowa kapena chibowo cha pakhoma. Ife tikuganiza kuti Shakespeare adaika zinthu ziwirizi moyandikana mwadala. Kalonga wa ku yunivesite akuti m'manda onse ndi amodzi, pamene adzukulu, amene amagwira khasu tsiku ndi tsiku, angomaliza kutiuza kuti ngakhale malo a manda amagawidwa moyang'ana nkhope. Ndipo tisaiwale chifukwa chake chigaza cha Yorick chili panja. Wantchito akutulutsidwa m'dzenje lake kuti mwana wa nduna apeze pogona. Pa mbali ziwirizi, ife tikukhulupirira adzukulu.

Nkhani ya Ophelia ikutikhudzanso ife Akatolika, ngakhale Shakespeare ankalembera dziko limene lidali litapatukana kale ndi Roma. Malamulo a Mpingo a 1917 ankaletsa mwambo wa maliro wa Mpingo kwa amene adadzipha mwadala, pokhapokha ataonetsa kulapa asanamwalire. Malamulo a 1983 adawachotsa pamndandanda umenewo, ndipo Katekisimu wa 1992, ngakhale akuphunzitsabe kuti kudzipha ndi choipa chachikulu, akuvomereza kuti matenda a maganizo, mantha ndi masautso aakulu zimachepetsa kulakwa kwa munthu, natiuzanso kuti Mpingo umawapempherera. Padapita zaka pafupifupi 400 kuchokera pa Hamlet kuti chifundo chimene Ophelia adachipeza chifukwa cha dzina la bambo ake chilembedwe kukhala cha aliyense. Manong'onong'o a pasiwa okha ndiwo sasinthidwa ndi buku la malamulo, ndipo amene mudakhalapo pa maliro otere mukudziwa amene amawasenza.

Tidumphe tsopano kupita ku Russia, kwa Leo Tolstoy, amene mu 1886 adatulutsa kabuku konena za imfa ya Ivan Ilyich. Muno mulibe mafupa ovina, mulibe chikwakwa, koma munthu wake ndi yemwe uja wa Holbein, woweruza milandu. Kusiyana kwake n'kwakuti Ivan Ilyich salandira ziphuphu. Ndi munthu waulemu wake, wotsata malamulo, wokwatira moyenera, wokwezedwa pantchito moyenera, amene luso lake lalikulu ndi kuchotsa munthu pa mlandu uliwonse n'kutsala ndi pepala. Atapeza udindo wa malipiro a ma ruble 5,000 pachaka, akukongoletsa nyumba yatsopano kuti ifanane ndi za anthu apamwamba. Tsiku lina wakwera pamakwerero kuti aonetse mmisiri mmene makatani akhalire, akuterereka n'kudzigunda m'nthiti pa chogwirira cha zenera. Kabala kake n'kakang'ono, iye akuseka nako. Pambuyo pake akumwalira ali ndi zaka 45.

Chiweruzo chikuyamba atapita kwa dokotala wotchuka, pakuti nkhope imene dokotalayo wavala ndi yomwe iye ankavala m'khoti. Ivan akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati matendawa ndi oopsa kapena ayi. Dokotala akumuyang'ana monga woweruza amayang'anira woimbidwa mlandu amene wafunsa funso losaloledwa, napitiriza za impso ndi matumbo. Mkazi wake, mwana wake wamkazi ndi anzake onse agwirizana bodza limodzi, loti akungodwala, achira. Amene sakunama ndi Gerasim, mnyamata wantchito wochokera kumudzi, amene amataya zonyansa za bwana wake mosanyinyirika ndi kusenza miyendo yake pamapewa usiku wonse kuti ululu uchepe. Gerasim akunena poyera kuti tonse tidzafa, nanga chovuta n'chiyani kuthandizana. Mlimi uja adali chakumapeto kwa mzere ku Paris, kwa Tolstoy ndiye yekha akudziwa kavinidwe kake.

Masiku atatu omaliza Ivan akukuwa osaleka. Akumva ngati akukankhidwira m'thumba lakuda lothina, ndipo chimene chikumuletsa kudutsamo ndi kuumirira kwake koti moyo wake udali wolondola. Woweruza akudziimira yekha pa mlandu wake, ndipo akumasuka pokhapo wavomera kuti mlanduwo wamugwera. Mwana wake wamwamuna, wa pasukulu, akugwira dzanja lake n'kulipsompsona akulira. Ivan akumva chisoni ndi mwanayo, ndi mkazi wake yemwe, ndipo akafuna mantha aja a imfa sakuwapezanso, akungoona kuwala.

Umo ndi mmene bukuli likuthera, koma Tolstoy adaika maliro kumayambiriro, kuti tiyambe taona amoyo tisanaone wakufa. Oweruza anzake ali pa nthawi yopuma kukhoti, mmodzi akuwerenga m'nyuzipepala kuti Ivan Ilyich wamwalira pa 4 Febuluwale 1882. Onse ankamukonda. Choyamba chimene aliyense akuganiza ndi mpando umene watsala wopanda munthu. Wina akuwerengera kuti malipiro ake akwera ndi ma ruble 800 pachaka, wina akuganiza zosamutsira mlamu wake kufupi. Pyotr Ivanovich, mnzake wa kuyambira kusukulu ya zamalamulo, akupita kusiwa chifukwa mwambo ukumukakamiza, ndipo pakhomo sakudziwa ngati awerame kapena angochita chizindikiro cha mtanda. Nkhope ya malemu ikuoneka ngati ikuchenjeza amoyo, iye akuona kuti chenjezolo si lake, akutuluka msanga. Namfedwa akumuitanira kuchipinda, akulira, akukambirana ndi wantchito mtengo wa malo a manda, kenako akufika pa nkhani yeniyeni, yoti kodi pali njira yopezera ndalama zoonjezera kuboma pa imfa ya mwamuna wake. Mapemphero atatha, Gerasim akumuveka chikhoti n'kumuperekeza panja. Nthawi ikadalipo. Pyotr Ivanovich akuuza woyendetsa ngolo kuti amutengere kwa mnzake kumene kuli masewera a makhadi, ndipo akufika anzakewo akumaliza chigawo choyamba, malo a munthu wachisanu alipo.